Amayi akalamba, ana sanaime paokha: kodi ndingasungenso ndalama?

Funso: Ndili ndi zaka 47, ndimakhala ku Chilenje ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi pa kampani ina m'tauni muno. Chaka chatha tinakawatenga amayi ku Katete chifukwa cha BP ndi shuga, tsopano tikukhala nawo. Mwana wanga woyamba anamaliza koleji koma ntchito sanaipeze, awiri akadali pasukulu. Kale ndinkaika kenakake pambali mwezi ndi mwezi, lero malipiro akuthera m'njira. Ndinamva pa wailesi kuti ku Japan anthu akusunga ndalama zochepa chifukwa okalamba achuluka. Kodi zimenezi zikutikhudza ifenso, pomwe amati Zambia ndi dziko la achinyamata? Nanga nditenge 20 peresenti ija ya zosonkha zanga ku NAPSA, bungwe la boma la penshoni, ndimange zipinda za lendi kuseri kwa nyumba? Ndine mayi wa ku Chilenje.

Yankho: Zikukukhudzani ndithu, mayi, koma zikulowera khomo lina, losiyana ndi la ku Japan.

Akatswiri a zachuma ali ndi ganizo lakale limene Franco Modigliani, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1985, anathandiza kulikhazikitsa. Limati munthu ali mwana amadya za ena, akafika pa msinkhu wa ntchito amasunga, akakalamba amadya zimene anasunga. Choncho anthu a msinkhu wapakati akachuluka m'dziko, ndalama zosungidwa zimachuluka, ndipo okalamba akachuluka zimayamba kuphwa popeza otapa aposa oikamo. Ku Japan zinayenda chomwecho. Cha m'ma 1975 mabanja kumeneko ankasunga zoposa 20 pa 100 iliyonse imene apeza. Lero pafupifupi anthu 29 mwa 100 ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo gawo losungidwa linatsika mpaka panafika chaka, cha m'ma 2013, chimene mabanja onse pamodzi anadya zoposa zimene anapeza.

Ife sitinafike kumeneko, ndipo sitifikako posachedwa. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni, kuchoka pa 13.1 miliyoni mu 2010. Pafupifupi theka la anthu amenewa ndi ana osakwana zaka 18, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo safika ngakhale 4 mwa 100. Amene amati ndife dziko la achinyamata sananame. Koma dziko siligula mankhwala a shuga, amagula ndinu. Ukalamba umene ukudya ndalama zanu uli m'nyumba mwanu, ndipo wafika nthawi imodzi ndi zinthu zina zimene zasintha m'mabanja athu. Apa ndiye ndikufuna ndikhalitse.

Makolo athu sikuti sankasunga. Nkhokwe yawo inali ana. Munthu ankabereka ana 7 kapena 8, kuwalera, kuphunzitsako mmodzi kapena awiri, kulera ndi a mlongo wake omwe, akudziwa kuti kupatsa n'kuika. Kwathu ku Chewa, mayi ankakalamba ana ake aakazi ali pomwepo pamudzi ndi amuna awo a chikamwini, malume akuyang'anira mbumba. Wina ankatunga madzi, wina kusinja, wina kulima ndime ya agogo. Kusamala nkhalamba sikunkafuna ndalama zambiri, kunkafuna manja ambiri, ndipo manjawo analipo. Njira imeneyi inali yanzeru, ndipo ndimakhumudwa ndikamva ophunzira ena akuinyoza ngati umbuli.

Chimene chachitika n'chakuti manja aja achepa ndipo abalalika. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza kuti mu 1992 mayi wa m'Zambia ankabereka ana pafupifupi 6.5, mu 2018 anali 4.7, ndipo m'matauni anali atatsika kufika pa 3.4. Inu muli ndi atatu, ndinu mayi weniweni wa m'tauni wa masiku ano. Abale anu mwina wina ali ku Kitwe, wina ku Chipata, wina ku Johannesburg. Ntchito imene ankagawana anthu khumi pamudzi ikugwera munthu mmodzi, kawirikawiri mwana wamkazi amene ali ndi nyumba pafupi ndi chipatala. Ndipo m'tauni chilichonse chimene kumudzi ankachita ndi manja chimasanduka ndalama: takisi yopita ku chipatala chachikulu cha UTH, wantchito wokhala ndi agogo inu muli kuntchito, zakudya zoyenera wodwala shuga, makala pamene malaiti apita.

Pali bala linanso limene sitiyenera kulidumpha. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, Edzi inatenga anthu a msinkhu wogwira ntchito, aja amene ankayenera kusamala makolo. Agogo ambiri anagulitsa ng'ombe, njinga ndi mbuzi polera ana amasiye ndi poika maliro otsatizana. Nkhalamba zambiri za lero zinafika ku ukalamba zitataya zonse ziwiri, chuma ndi ana. Otsala ochepawo ndi amene asenza zonse. Mankhwala a ma ARV atayamba kupezeka kwaulere m'zipatala za boma chapakati pa zaka za m'ma 2000, moyo unayamba kutalika. Zaka zimene mwana wobadwa amayembekezeka kukhala zinali zitatsikira m'ma 40, lero zapitirira 60. Tiyamike Mulungu pa zimenezi. Koma moyo wautali umabwera ndi matenda okhalitsa, a BP, shuga, sitiroko, impso, maso. Malungo umachiza sabata imodzi n'kuiwala, shuga umalipira mwezi uliwonse mpaka kalekale. Munthu amene wafika zaka 60 kuno kawirikawiri amakhalanso zaka zina zoposa 15, ndipo amayi amakhalitsa kuposa abambo.

Mbali ina kuli mwana wanu. Kale mnyamata wa zaka 25 anali atayamba kale ntchito ku mgodi, ku njanji kapena m'boma, akutumiza kangachepe kunyumba. Lero ali ndi dipuloma m'manja, akudya pa mbale yanu, ndi ndalama za mabandulo ofunsira ntchito akupempha kwa inu. Si ulesi wake ayi, ntchito zolembedwa ndi zochepa kuyerekeza ndi achinyamata amene amamaliza sukulu chaka chilichonse. Koma taonani chimene zikuchita ku thumba lanu. Zaka zoyambira 45 kufika 60 ndi zimene munthu amayenera kusunga kwambiri, malipiro atakwera, ana atachoka pakhomo. Kwa inu zaka zomwezo ndi zimene mukudyetsa mibadwo itatu. Mbadwo wanu ukubweza mokwanira ngongole ya kwa makolo monga mwa mwambo, koma ulibe chitsimikizo chakuti ana ake atatu, ochedwa kupeza ntchito, adzatha kubweza chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndikuti inu muyenera kusunga kuposa m'mene amayi anu anasungira, ngakhale mukuona ngati mpata mulibe.

Ku China zinaonekera bwino. Boma litakhazikitsa lamulo la mwana mmodzi cha m'ma 1980, limene linatha mu 2015, makolo anayamba kusunga ndalama zambiri zedi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti anadziwa kuti mwana mmodzi sangasenze makolo awiri ndi agogo anayi. Ana akachepa, anthu amasunga kwambiri ngati ali ndi chosunga ndiponso ngati akukhulupirira posungirapo. Kuno zonse ziwirizi zimatsimphina.

Za chikhulupiriro, anthu a Lusaka ali ndi zifukwa. Kumayambiriro kwa m'ma 1990 mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 100 peresenti pachaka, ndipo anthu amene anasonkha zaka zambiri ku Zambia National Provident Fund ankalandira ndalama zosagula kanthu. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, banki ya Meridien BIAO inagwa mu 1995, makampani a boma anagulitsidwa, ndipo ambiri anadikira ndalama zawo zopumira mpaka imvi. Amene anapulumuka bwino ndi aja anagula nyumba za khonsolo zimene ankakhalamo pamene boma la a Chiluba linazigulitsa mu 1996, ku Chilenje kwanuko, ku Libala, Kabwata ndi Matero. Phunziro limene tauni yonse inatengapo ndi lakuti pepala limanama, njerwa sizinama. Ganizo lanu la zipinda za lendi likuchokera m'mbiri imeneyi, ndipo sindikulipeputsa. Ngakhale posachedwapa, mu 2021, mitengo inakwera kupitirira 20 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 15 peresenti chaka chilichonse, ndalama yogona m'chikwama kapena pa foni imataya theka la mphamvu yake m'zaka zisanu zokha.

Za chosunga, mukudziwa nokha. Boma linachotsa fizi m'sukulu zake mu 2022, mabanja anapumako, koma chilala cha 2024 ndi kukwera kwa unga zinameza mpumulowo. Bungwe la JCTR, limene limawerengera mwezi ndi mwezi zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, linapeza kuti mu 2024 zinapitirira K10,000 pamwezi. Pakhomo panu muli osachepera asanu, ndipo mmodzi ndi wodwala.

Tsopano za NAPSA. Lamulo linasinthidwa mu 2023 kulola membala kutapako 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume, ngati wasonkha miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45. Inu mukuyenera, ndipo mwayiwo ndi wa kamodzi kokha. Musanathamangireko, dziwani chimene mukugulitsa. Mwezi uliwonse 5 peresenti ya malipiro anu imapita kumeneko, abwana anu n'kuwonjezera 5 ina. Mukasonkha miyezi 180 n'kufika msinkhu wopuma, womwe kwa olowa kuyambira 2015 ndi zaka 60 koma ndi mwayi wopuma msanga pa 55 kapena mochedwa pa 65, mumalandira penshoni mwezi uliwonse mpaka tsiku lomaliza la moyo wanu, ndipo imakwezedwa potsata m'mene malipiro a m'dziko akukwerera. Ndi yochepa, inde. Munthu wosonkha zaka 30 amalandira pafupifupi 40 peresenti ya malipiro amene ankasonkherapo. Koma ndalama yosatha ngakhale mutafika zaka 90, imene palibe m'bale angabwere kudzakongola yonse tsiku limodzi, simungaigule kwina kulikonse mosavuta. Mukatapa 20 peresenti lero, penshoni ya m'tsogolo imachepa moyo wanu wonse.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati ndalamazo zikalipira mankhwala, fizi ya koleji kapena kutseka ngongole ya kaloba imene idzabwererenso chaka chamawa, musazitenge. Zimenezo ndi zosowa za mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama ya kamodzi siithetsa vuto lobwerezabwereza. Ngati ndi zomangira, dzifunseni mafunso ouma. Kodi ndalamazo zimaliza zipindazo mpaka denga, chimbudzi, madzi ndi mita ya malaiti yakeyake, kapena zithera pa lintala? Lusaka yadzaza ndi makoma opanda denga omangidwa ndi ndalama za penshoni, ndipo khoma lopanda denga silibweretsa ngwee. Kodi title deed ya pulotiyo ili m'dzina la yani? Ngati ndi nyumba ya banja la amuna anu, kapena ya malemu imene sinagawidwe, mukhoza kumangira anthu ena. Kodi khonsolo yavomereza pulani? Ndipo powerengera phindu, chotsani miyezi imene chipinda chidzakhala chopanda munthu, wa lendi amene adzathawa ndi miyezi itatu, kukonza zowonongeka ndi msonkho wa ku ZRA. Ngati mayankho onse ali bwino, mangani, popeza lendi imakwera pamodzi ndi mitengo ndipo Chilenje ndi malo ofunidwa. Ngati limodzi lokha likukayikitsa, zisiyeni komweko zizikula, zipindazo mumange pang'onopang'ono ndi ndalama zina.

Chinthu chimodzi muchite sabata ino, mutenge kapena musatenge: pemphani sitetimenti yanu ya NAPSA muone ngati miyezi yonse imene anakudulani inafikadi. Mabwana ena amadula koma osapereka, ndipo wantchito amadzadziwa ali ndi zaka 59. Mpata ukapezeka lero umakonzeka, kampani ikadzatsekedwa zimavuta.

Koma chimene chingabwezeretse kusunga kwanu kwenikweni si NAPSA, ndi msonkhano wa pabanja. Ndikudziwa kuti ndi wovuta kuitanitsa. Amene watenga mayi amaopa kuoneka ngati akudandaula, ena n'kumati poti ali pantchito mu Lusaka ndiye kuti zikumuyendera. Lembani papepala zonse zimene amayi amafuna pamwezi, mankhwala, mayendedwe, chakudya chapadera, wowasamala, muwaonetse abale anu onse, amuna ndi akazi, pamaso pa malume kapena wamkulu amene onse amamumvera. Aliyense atchule gawo lake ndi tsiku lotumiza pa Airtel Money kapena MTN, zilembedwe pagulu la WhatsApp la banja. Wa kumudzi amene alibe ndalama atumize chimanga, nyemba ndi nsawawa pa basi akakolola, ndi thandizo lenileni limenelo. Ndipo chipinda chimene mwapereka, usiku umene mumadzuka, masiku amene mumapempha kuntchito, zimenezo ziwerengedwe ngati gawo lanu. Ntchito ya mwana wamkazi yosamala odwala siiwerengedwa m'mabanja ambiri, ndiye amasenza kawiri, ndi thupi ndi thumba, n'kudzafika ku ukalamba wake ali chimanjamanja. Zimenezi zimandipweteka mtima chifukwa ndi amayi omwewa amene adzakhalitse kuposa amuna awo.

Amayi anunso musawaike pambali ngati katundu. Ali ndi munda ku Katete, mwina ndi ng'ombe kapena mbuzi. Afunseni amene akulima mundawo ndi chimene iwo akupezapo. Nkhalamba imasangalala ikadziwa kuti thumba la nsawawa limene lili m'khitchini lachokera m'munda mwake. Pitaninso ku ofesi ya Social Welfare mukafunse za Social Cash Transfer. Thandizoli linayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo kwanu ku Katete ndi kumene boma linayesera mu 2007 kupereka kandalama kwa okalamba onse a zaka 60 kupita m'tsogolo. Lero limasankha mabanja ovutikitsitsa, choncho si aliyense amalowa, koma kufunsa sikulipiritsa. Onetsetsaninso kuti alembetsedwa ku NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, kuti zina mwa zoyeza ndi mankhwala zisamatuluke m'thumba lanu.

Nkhani ya maliro anthu amaiopa, koma ndi imene imagwetsa mabanja ambiri m'ngongole. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Katete ndi pafupifupi makilomita 500, ndipo galimoto, bokosi ndi chakudya cha anamalira a masiku atatu zimatha kumeza zosunga za zaka zingapo. Kulowa inshuwalansi ya maliro kapena gulu la maliro la kumpingo si kuwaitanira imfa amayi. Muwerenge bwino za msinkhu umene amalandira ndi miyezi yodikira asanayambe kulipira, ndipo ndalama yake igawidwe kwa abale onse.

Mukapepukidwa chonchi, kamene katsale mukaike kuti? Chilimba chimathandiza kudziletsa ndi kugula chinthu chachikulu kamodzi, koma sichibereka, ndipo wolandira komaliza amalandira ndalama yofooka. Village banking imabereka, ndipo yatukula amayi ambiri m'makomboni ndi m'maofesi momwe. Koma phindu lake limachokera m'ngongole za mamembala okhaokha, magulu ena amakakamiza kukongola ngakhale ulibe bizinesi, sayang'aniridwa ngati mabanki, ndipo amagawana mu Disembala pamene Khirisimasi ndi zofunika za sukulu za Januwale zili pakhomo kudikira. Ndalama ya ukalamba imafuna malo ovuta kuifikira. Ma bond a boma, momwe inu mumakongoza boma ndalama, ogulidwa kudzera ku Bank of Zambia kapena ku banki yanu amayambira pa K1,000, alipo a zaka 2 mpaka 15, ndipo amapereka chiwongoladzanja kawiri pachaka. Boma litalephera kulipira ngongole zakunja mu 2020, ma bond a makwacha anapitiriza kulipidwa. Mukagawana ku village banking, tengani gawo, ngakhale limodzi mwa magawo atatu, mugule bond tsiku lomwelo ndalama isanagone m'nyumba. Ubwino wake wina ndi wakuti m'bale akabwera ndi vuto, mumanena zoona kuti ndalamayo ndi yotsekeredwa. Pambali pake sungani kandalama kena kofikirika msanga ka matenda adzidzidzi, kuti usiku umodzi wa kuchipatala usakutumizeni kwa akaloba.

Mwana wanu woyambayo mukhale naye pansi ngati munthu wamkulu, mumuonetse pepala lomwe lija. Podikira ntchito akhoza kukhala iye woperekeza agogo ake kuchipatala ndi kuwayeza shuga m'mawa, n'kupulumutsa ndalama ya wantchito. Afunsenso ku ofesi ya khansala za maphunziro a ntchito zamanja ndi ngongole za achinyamata za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera limene linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Akayamba kupeza kenakake, ngakhale pa kantemba, aziponyako ya malaiti, ndipo alembetse ku NAPSA, popeza tsopano imalandira ndi odzilemba okha ntchito. Miyezi yofunika kusonkha imakwana mosavuta kwa woyamba ali ndi zaka 26.

Chotsala ndi wilo. Munthu akamwalira osalemba, lamulo la 1989 la Intestate Succession Act limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mwamuna kapena mkazi wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Lamuloli linabwera kudzathetsa kulanda katundu, koma silinena amene adzasunge amayi anu, kapena kuti lendi ya zipinda zija izigulira mankhwala awo, inu mutatsogola. Zimenezo muyenera kulemba nokha, kusaina pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, ndi kuuza munthu mmodzi wodalirika kumene chikalatacho chili.